Wina akadwala usiku kuno ku Nkhotakota: mmene mungagwiritsire ntchito foni ndi AI osataya nthawi

Kwathu n'kumtunda kwa mtsinje wa Bua. Nthawi ya dzinja, kuti munthu afike pa msewu wa M5, amayamba wayenda wapansi chifukwa njinga yamoto imatitimira m'dambo. Ndili mu komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu, ndipo pa zaka zimene ndatumikiramo ndaona foni ikusanduka pothawira poyamba matenda akagwa pakhomo. Kale tinkadzutsa agogo. Lero wachinyamata wa pakhomopo amatsegula foni n'kufunsa AI, mapulogalamu aja oyankha mafunso ngati ukucheza ndi munthu.

Chaka chatha mwana wa mphwanga, wa miyezi 7, anatentha thupi pakati pa usiku. Malume ake, mnyamata wa Fomu 3, analemba pa pulogalamu ina yotere kuti mwana watentha thupi, tichite chiyani. Yankho linabwera lalitali ndi laulemu, lonena zomuchotsa zofunda ndi kumuyamwitsa pafupipafupi. Kumunsi kwenikweni linatchulanso zoti akapanda kusintha apite naye kuchipatala. Mnyamatayo sanalembe zoti mwanayo wakana bere kuyambira madzulo, chifukwa sankadziwa kuti nkhani yagona pamenepo. Anadikira kuti kuche. Mwanayo anagonekedwa masiku anayi ndi malungo aakulu, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti ali moyo.

Sindikuuza munthu kuti ataye foni. Kwa ife okhala kutali ndi chipatala, foni ndi thandizo lalikulu. Koma ili ndi dongosolo lake: ayambe ndi maso anu, kenako munthu wophunzira zachipatala pa foni, makina abwere pambuyo. Ndilongosola mmene timachitira kwathu.

Choyamba, konzekani onse adakali bwino

Tengani buku la kuchipatala la mwana wamng'ono kwambiri pakhomo panu, ndipo mkati mwa chikuto mulembe manambala awa: ya mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, ya chipatala chaching'ono chimene mumapitako ngati ali nayo, ya akabaza awiri amene amavomera kudzutsidwa usiku, ndi ya Chipatala Cha Pa Foni. Ndikuti awiri chifukwa mmodzi akhoza kukhala kunyanja kapena njinga yake ilibe mafuta. Lembaninso manambala omwewa pakhoma kapena kuseri kwa chitseko. Foni ikathima, manambala a mkati mwake athima nayo limodzi, ndipo mukabwereka ya aneba mudzafuna powerenga.

Chipatala Cha Pa Foni chinayamba mu 2011 m'boma la Balaka, pamene bungwe la VillageReach linagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuti amayi oyembekezera ndi olera ana azifunsa uphungu kwaulere. Pano chinafalikira dziko lonse, chimayankha za matenda osiyanasiyana, ndipo chili m'manja mwa boma. Nambala imene anthu anaizolowera pa Airtel ndi 54747, ndipo m'mauthenga a unduna mumamvekanso 929. Yesani tsiku lina masana, palibe wodwala, muone imene ikulowa pa laini yanu. Mukatero mudzamvanso mmene amayankhira, ndipo mantha olankhula ndi munthu wosamuona adzatha.

Dziwani pamene netiweki imagwira. Mudzi uliwonse uli ndi malo ake, kaya pachulu, kaya pabwalo la sukulu. Aliyense wamkulu pakhomo adziwe malowo, agogo omwe. Foni imodzi izigona ili ndi moto, makamaka kafoni ka mabatani kamene batire lake limakhalitsa. Amene anaona madzi osefukira ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024 akudziwa kuti pa tsiku la mavuto potchajira sipapezeka.

Za ndalama ya kabaza, gulu lathu la banki m'khonde lili ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo msungichuma amadziwa kuti matenda a usiku sadikira tsiku la msonkhano. Ngati gulu lanu mulibe pangano lotere, kambiranani.

Chachiwiri, muyang'aneni wodwalayo musanagwire foni

Apa ndi pamene ndimachedwapo ndikamaphunzitsa, chifukwa palibe foni kapena kompyuta imene ingakuonereni mwana amene ali pamsana panu.

Kwa mwana wosakwana zaka 5, pali zizindikiro zimene zikaoneka simufunsanso wina aliyense ngati mupite kapena ayi. Mwana wakana kuyamwa kapena kumwa. Akusanza chilichonse chimene wamwa. Wakomoka kapena thupi likugwedezeka. Walefuka moti mukamudzutsa sakutsegula maso bwinobwino. Pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikwanira: nyamukani. Foni muigwiritse ntchito poitana wa kabaza ndi podziwitsa a zaumoyo kuti muli m'njira. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, kapena likazizira modabwitsa, nalonso ndi la kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngati mwana akutsokomola, muwerengeni kapumidwe. Imeneyi ndi ntchito imene foni imagwira bwino kwambiri, ngakhale ya mabatani, chifukwa ili ndi wotchi. Dikirani mwana atonthole, mayi ake amufukate, mukweze malaya kuti pamimba paoneke. Wina agwire foni n'kuwerenga masekondi 60, inu muziwerenga kangati pamimba pakukwera. Kukwera ndi kutsika n'kupuma kumodzi. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika 60 kapena kupitirira, likupuma mofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwanitse zaka 5, malire ndi 40. Akafika pamenepo chikhoza kukhala chibayo, ndipo akufunika kuonedwa tsiku lomwelo. Mukasokoneza, yambiraninso. Nambala imene mwapezayo muisunge, mudzaitchula pa foni.

Kwa mayi woyembekezera, zotsatirazi sizidikira kucha: kutaya magazi, mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kuona zinthu mwa chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kusuntha m'mimba. Ndipo ngati kwanu n'kovuta mayendedwe ngati kwathu, mwezi wotsiriza ndi wokadikirira kuchipatala. Amuna anzanga, ntchito yokonza ufa, nkhuni ndi womudikirira ndi yathu.

Kwa wina aliyense, wamkulu kapena mwana, kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga kumatha munthu m'maola ochepa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ayambe kumwa pomwepo, azimwabe ali pa njinga. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Wolumidwa ndi galu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako mupite naye. Wolumidwa ndi njoka, musacheke bala kapena kumanga mothina, mumunyamule asayende yekha.

Chachitatu, imbirani munthu

Ngati zizindikiro zoopsa palibe koma mtima sukukhazikika, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo. Iyeyu amakudziwani, amadziwa chitsime chimene mumamwa, amadziwanso matenda amene avuta m'midzi yoyandikana sabata imeneyo. Kumene kuli kiliniki ya m'mudzi, amayeza malungo pobaya chala, amapereka mankhwala a malungo a LA, amoxicillin wa chibayo, Thanzi ndi zinki kwa ana a miyezi 2 mpaka osakwana zaka 5. Akapanda kuyankha, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Kumeneko mumalankhula ndi anthu ophunzira zachipatala, m'Chichewa. Sangakuyezeni magazi pa foni, koma adzakuuzani zochita pakhomo, komanso ngati nkhaniyo ili yofunika kupita kuchipatala.

Vuto limene ndimaliona kawirikawiri n'lakuti timalankhula mozungulira. Timayamba ndi za maliro amene tinapita dzana, kenako mvula imene inatinyowetsa pobwerera, batire n'kutha tisanafike pa mwana. Ulemu usasowe, koma ukhale waufupi. Buku la kuchipatala likhale m'manja, ndipo munene motere:

"Pepani adokotala, takudzutsani. Ndine mayi a mwana wa zaka 2, kusikelo mwezi watha analemera makilogalamu 10. Watentha thupi kuyambira dzulo masana ndipo akutsokomola. Akumwa phala pang'ono, sanasanze, sanakomoke. Tawerenga kapumidwe, tapeza 46. Tamupatsa theka la panado madzulo."

Pa mawu ochepawa wachipatala wamva msinkhu, kulemera, tsiku limene matenda anayamba, zimene zilipo, zimene palibe, ndi mankhwala amene mwana wamwa kale. Za mankhwalazi musabise kanthu. Ngati munamumwetsa zitsamba, kapena makapisozi ogula pa gulosale, kapena LA wotsala wa mkulu wake, nenani. Sakufunsani kuti akudzudzuleni. Akufuna asamuonjezere mankhwala olimbana ndi amene ali kale m'thupi.

Akamaliza kukulangizani, bwerezani zimene mwamva: "Ndiye mwati tibwere naye m'mawa uno, koma akayamba kukana kumwa tinyamuke usiku womwe uno?" Pa netiweki yodukaduka mawu amatayika, ndipo kubwereza kumagwira cholakwa chisanafike pa mwana. Wina alembe pa pepala nthawi yomweyo.

Ngati amene ali ndi foni si amene amasamala wodwalayo, ikani mawu pa sipika kuti mayi kapena agogo ayankhe okha. Bambo amene wangofika kuchokera kodikira usipa sangadziwe kuti mwana wakodza kangati lero.

Chachinayi, zithunzi

Chotupa, zidzolo, bala, diso lofiira kapena mapazi otupa zimavuta kufotokoza ndi pakamwa. Ngati wachipatala wavomera kuti mumutumizire pa WhatsApp, jambulani panja pamthunzi masana, osati m'nyumba ndi tochi. Chimodzi chikhale cha patali chosonyeza malo ake pathupi, china cha pafupi, ndipo pambali pa bala muike ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kudziwike. Kapumidwe ka mwana kamaoneka bwino pa vidiyo yaifupi.

Nkhope isaonekemo ngati vuto silili kunkhope. Wodwala wamkulu mumupemphe kaye. Tumizani kwa munthu mmodzi yekhayo, osati pa gulu la mpingo, la mzikiti kapena la mudzi. Tsamba la buku la kuchipatala lolembedwa za magazi a munthu likangolowa pa gulu, silibwereranso, ndipo mabanja amasokonekera ndi zotere. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kusamalidwa kwambiri. Chithunzi chikagwira ntchito yake, fufutani, chifukwa mafoni athu amabwerekedwa.

Chachisanu, AI: pomwe imathandiza ndi pomwe muyenera kuisiya

ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Mu Epulo 2024 Meta AI inafika ku Malawi, ndipo ambiri anaiona itangotulukira mu WhatsApp. Alimi ena akudziwanso Ulangizi, pulogalamu ya bungwe la Opportunity International yoyankha za ulimi m'Chichewa. Ndiye zinthuzi zili kale m'matumba mwathu, ndipo kuletsa ana athu kuzigwiritsa ntchito n'kosatheka. Chofunika n'kudziwa mmene zinapangidwira.

Mapulogalamu amenewa anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi za pa intaneti. Mukafunsa, amalumikiza mawu amene akuoneka kuti ndi oyenera kutsatana. N'chifukwa chake amayankha mosadodoma ngakhale pamene alakwitsa, ndipo nthawi zina amapeka zinthu zimene kulibe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za zimenezi m'malangizo amene linatulutsa mu Januwale 2024. Namwino akakayikira, mumamva m'mawu ake. Makina sasintha mawu.

Pali zinanso ziwiri zokhudza ife eni. China n'chilankhulo. Zambiri zimene makinawa anaphunzira n'za m'Chingelezi, pamene Chichewa cholembedwa pa intaneti n'chochepa. Tsono ife za m'thupi timazinena mophiphiritsa. Mtsikana akati sakusamba miyezi iwiri, namwino aliyense wa kuno wamva kale, koma makina akhoza kuyamba kulangiza za sopo ndi madzi. Tikati mayi wapita padera, kapena tikati ndi wodwala potanthauza kuti ali ndi pakati, makina akhoza kusochera. Ngakhale liwu loti malungo timalitchula pa kuphwanya kulikonse kwa m'thupi, pamene malungo enieni amadziwika poyeza magazi basi.

Chinacho ndi malo. Makina sadziwa kuti mumalima m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve kumene kuli kashembe, ntchentche zoyamwa magazi. Munthu wolumidwa ndi kashembe akhoza kutenga kaodzera, matenda amene amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, nthawi zina chotupa pamalo olumidwapo. Kenako tulo timasokonekera, mutu umasokonekera, ndipo mtundu wa kaodzera wa kuno umapha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu sanalandire mankhwala. Nkhotakota ndi Rumphi ndi maboma amene matendawa amapezeka kwambiri m'dziko muno. Mukalemba pa foni kuti kutentha thupi ndi mutu, si kawirikawiri kuti makina aganize za kashembe. Ngati kayezedwe ka malungo kakana, kapena LA watha koma thupi likutenthabe, pitani kuchipatala mukanene nokha kuti mumakhala kapena kugwira ntchito kufupi ndi nkhalango, kuti ayang'ane magazi pa maikulosikopu. Mankhwala alipo, kuphatikizapo akumwa otchedwa fexinidazole amene anayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda. N'chimodzimodzi ndi likodzo kwa ana osambira m'nyanja ya Chia kapena opalira mpunga m'madzi: wachipatala wa kuno amaliganizira msanga.

Ndiye musafunse AI kuti ikuuzeni dzina la matenda n'kukagula mankhwala potengera yankho lake. Musaifunse mlingo wa mankhwala a mwana. Mlingo wa LA, mwachitsanzo, umatengera kulemera kwa thupi, ndipo wopereka mankhwalayo ndi amene ayenera kuwerengera. Musaifunse ngati mungasiye ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu. Ndipo musaitsegule n'komwe pamene chizindikiro choopsa chaoneka kale.

Pomwe ndaiona ikuthandiza ndi apa. Mwabwera kuchipatala, m'buku alembamo mawu achidule achingelezi amene pamzere wautali simunapeze mpata wofunsa. Lembani mawuwo, opanda dzina la wodwala, mupemphe kuti akufotokozereni m'mawu osavuta. Kapena mawa mukupita ndi agogo ku kiliniki ya BP, ndipo mukufuna kukonza mafunso oti mukafunse. Kapena komiti ikufuna kukonza phunziro la kasamalidwe ka madzi akumwa, kapena zakudya za magulu 6 kuchokera pa zimene timalima kuno. Pa ntchito zoterezi, zimene sizithamangitsa munthu, AI imafupikitsa njira.

Pofunsa, tchulani dera ndi mkhalidwe wanu: kuti muli ku Malawi, m'mphepete mwa nyanja, kumene kuli malungo ambiri, ndipo chipatala chili pa mtunda wa maola awiri. Tchulani msinkhu wa munthu, koma osati dzina, mudzi kapena nambala ya foni, chifukwa zimene mwalemba zimakasungidwa pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko. Nenani zinthu mosaphiphiritsa, ngakhale pakamwa pakulemera. Pemphani kuti iyambe n'kukuuzani zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala, zina zonse zibwere pambuyo. Werengani mpaka kumapeto. Kenako funsaninso funso lomwelo m'mawu ena, ndipo mayankho akasemphana musatsatire lililonse. Chimene mwasankha kuchita, kachionetseni kaye kwa a zaumoyo. Safunsa anadya phula, koma nayenso wofunsa ayenera kusankha womufunsa.

Ndionjezerepo chenjezo. AI yomweyi imapanga mavidiyo ndi mawu abodza. Mudzaona munthu wovala chovala choyera akutsatsa mankhwala ochiza shuga kapena Edzi, mwinanso ndi nkhope ya munthu wodziwika, chonsecho sanalankhulepo zimenezo. Wina adzakuimbirani kuti m'bale wanu wagonekedwa, tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti ayambe kumuthandiza. Dulani foni, muimbire m'baleyo kapena womudikirira. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, ndipo m'zipatala za mishoni ndalama imalipiridwa pa ofesi n'kulandira lisiti.

Chachisanu ndi chimodzi, makina amene mudzawapeze kuchipatala

Si AI yonse imene ili ya macheza. Ina inapangidwira ntchito imodzi yokha ndipo inayesedwa mokwanira. Chitsanzo chabwino ndi yowerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza chifuwa chachikulu (TB). Madokotala odziwa kuwerenga ekisile ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Mu 2021 WHO inavomereza kuti mapulogalamu a pakompyuta aziwerenga zithunzizi kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Chaka chomwecho zinatuluka zotsatira za kafukufuku amene a bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome anachita pa chipatala cha Bangwe ku Blantyre pogwiritsa ntchito pulogalamu ya CAD4TB, ndipo zinaonetsa kuti odwala TB amene anadutsa njira imeneyi anayamba mankhwala msanga kuposa anzawo.

Galimoto yojambula m'chifuwa ikabwera m'dera lanu, pitani ngati mukutsokomola kosalekeza, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, munagwirapo ntchito kumigodi, kapena mumakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB. Kompyuta imapereka nambala yosonyeza kuchuluka kwa chikayiko. Nambala ikakwera sizitanthauza kuti muli ndi TB, chifukwa ngakhale zipsera za matenda akale zimaikweza. Chotsatira n'kupereka makhololo kuti akayezedwe pa makina a GeneXpert. Apa ndi pamene ambiri timatayika: timajambulitsa, timapereka makhololo, koma zotsatira osakazitenga. Siyani nambala ya foni imene imagwiradi, ndipo funsani tsiku lobwererako. Ngati munadwalapo TB kale, nenani musanajambulidwe. Mankhwala ndi aulere, ndipo kwa ambiri amatenga miyezi 6.

Chachisanu ndi chiwiri, nenani zimene mukuona m'mudzi

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 59,000 m'dziko muno, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Kuno kunyanja, m'madooko a asodzi, tinaika anthu m'manda opanda mwambo wa maliro. Amene tinaona zimenezo sitifuna kudzazionanso.

Alangizi a zaumoyo ambiri pano amalemba ntchito yawo pa mafoni kudzera mu dongosolo la iCHIS, ndipo malipoti a zipatala amasonkhanitsidwa mu DHIS2, pulogalamu imene inachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Za mankhwala amene atsala pang'ono kutha mu kiliniki ya m'mudzi, kuyambira 2011 pakhala njira ya cStock yotumizira uthenga wa pa foni. Akatswiri akamanena kuti makompyuta angathandize kuona mliri usanakule, kapena kulosera kumene malungo achuluke mvula ikatha, chakudya cha makompyutawo ndi malipoti amenewa. Mudzi umene sunena kanthu umaoneka ngati mulibe matenda, ndipo klorini, masikito ndi mankhwala zimapita kwina.

Choncho mukaona anthu awiri kapena atatu akutsegula m'mimba mofanana, ana angapo atuluka zidzolo ndi kutentha thupi, mwana walumala mwendo mwadzidzidzi, agalu kapena nkhuku zikufa motsatizana, kapena munthu wamwalirira pakhomo ndi matenda osadziwika, imbirani a zaumoyo tsiku lomwelo, ndipo a mfumu adziwe. Nenani kuti ndi angati, a misinkhu yanji, anayamba liti, amamwa madzi a kuti. Akabwera kudzalemba mabanja pa foni yawo, ayankheni zoona. Muli ndi ufulu wofunsa kuti zolembedwazo zikupita kuti komanso adzaziona ndani, ndipo funso limeneli ife a komiti tiyenera kumalifunsa m'malo mwa anthu athu.

Pomaliza, mukabwerako kuchipatala

Tcherani alamu ya pa foni pa nthawi ya mankhwala. LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo onse athe ngakhale mwana atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri. Amwe atadya kanthu kapena atayamwa. Zinki wa mwana wotsegula m'mimba apitirire masiku onse amene mwauzidwa, ngakhale chimbudzi chitalimba. Tsiku lobwerera kuchipatala mulilembe mu kalendala ya foni komanso pakhoma paja.

Tumizani uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo kumudziwitsa zimene anapeza kuchipatala ndi mankhwala amene mwalandira. Ambiri timaimba pa nthawi ya mantha yokha, zikayenda bwino timangoti zii, ndipo iye amatsala osadziwa ngati mwana amene anamutumiza anafika. Wodwala akapanda kusintha pakatha masiku awiri kapena atatu, kapena chizindikiro choopsa chikaoneka, bwererani kuchipatala ndi buku lomwelo ndi mapaketi a mankhwala amene anamwa.

Kwathu, tsiku la sikelo ya m'mudzi timapempha kuti pakhomo lililonse pabwerenso wachinyamata amene amagwira foni. Ana akamayezedwa, achinyamatawo amakhala awiriawiri pansi pa mtengo, wina ndi wotchi, wina akuwerenga kapumidwe ka mwana, mlangizi akuyenderera n'kumaona ngati nambala zikugwirizana ndi zake. Tikatha pamenepo timatsegula mabuku kuona ngati manambala a mkati mwa chikuto akugwirabe, chifukwa akabaza amasintha malaini kawirikawiri.